Nguluwe ya Amalume a Kamodzi

"Wapenga ngati amalume ako! Mafupa a mbuzi ukawasunga kubanki kapena?"

Amene anakuwa chomwechi ndi achemwali anga a Mwanaisha, pamaso pa khamu lonse limene linabwera ku arubaini, sadaka ya masiku makumi anayi chimwalirire amalume athu a Sefu. Mlandu wanga unali woti ndinawatsomphola beseni la mafupa m'manja pamene amapita kukakhuthulira agalu. Ndinawauza kuti aliyense wokhudza beseni limenelo aona chidameta nkhanga mpala. A shehe anatsokomola. Amayi amene amapakula mpunga anaima, zipande zili m'malere. Ine ndine wa mtima wapachala, zimenezo m'mudzi muno ngakhale nkhuku zimadziwa, koma tsiku limenelo sindinapsere mtima chabe. Achemwali amakhala ku Dwangwa, ndipo nkhani ya mafupa anangoimva mbali yoseketsa yokha. Ine ndinalipo kuyambira pamene khasu linagunda fupa loyamba.

Dzina loti Sefu linkagwira ntchito pa chiphaso ndi pakamwa pa mnzawo wa bawo basi. Kuchokera ku boma mpaka ku Liwaladzi ankadziwika kuti a Kamodzi, chifukwa mpeni wawo sunkabwerera kawiri pakhosi pa nyama. Ntchito yawo inali kuchinja. Ukwati, sadaka, Idi, mbuzi zonse zinkadzera pansi pa mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba yawo. Akhristu omwe akakhala ndi phwando ankakoka mbuzi kubwera nayo komweko, kuti anansi awo achisilamu akadye nawo popanda kufunsa mafunso.

Anali munthu wamfupi, wa mawu aakulu kuposa thupi. Ankachinja atavala mkanjo woyera, ndipo ankadzitama kuti dontho la magazi silinaugwerepo. Linali bodza, ine ndinaonapo madontho, koma anali ochepa ndithu. Mbuzi ankayamba aimwetsa madzi, n'kuisisita pamphumi, n'kumaiuza nkhani za mitengo ya feteleza. Mpeni ankaubisa kumsana mpaka nthawi yake, ndipo mbuzi ina siinkaloledwa kuonerera inzake ikufa. Ankati nyama yofa ndi mantha imawawa m'kamwa. Chikwanje sankachifuna n'komwe. Ankanena kuti Mulungu anaika kale khomo pa mfundo iliyonse ya nyama, ndiye munthu wophwanya fupa ndi chikwanje ali ngati wakuba wothyola zenera chitseko chili chotsekula. Fupa lochoka m'manja mwawo linkatuluka lathunthu, lili ndi kamzere kamodzi kokha pamene mpeni unadutsa.

Vuto lawo linali pakamwa. Nkhani ankaithira mchere mpaka kuwawa. Makamaka ya agogo awo, amene anabwera ndi zombo za amalonda kuchokera kutsidya la nyanja n'kumachinjira anthu a ulendo wonse. Lero mumva kuti agogowo ankagwetsa ng'ombe zingapo dzuwa lisanakwere, mawa mumva kuti linali khola lathunthu. Mnzawo wa bawo, a Chande, ndiye ankawerengera ng'ombezo n'kumawakumbutsa kuti sabata yatha zinali zochepa. Awiriwa anakhala akukangana kuyambira ali anyamata osambira kunyanja. Tsiku likapita osanyozana, mmodzi ankatuma uthenga kufunsa ngati mnzake akudwala.

Tsono chaka china ine ndinaganiza zoumba njerwa. Dothi labwino linali pa kachitunda ka kuseri kwa mtengo wa mango uja, ndipo amalume anandilola kukumba. Nditafika m'chiuno, khasu linayamba kutulutsa mapale a miphika okhala ndi zolembalemba zimene sitinazionepo, makala, ndi mafupa. Mbiri inayenda, inafika kwa aboma, ndipo ntchito yanga ya njerwa inathera pomwepo. Ndinalalata, koma palibe anandimvera. Patapita nthawi kunabwera mayi wina wofukula zakale, amene tinkangomutchula kuti a Nabanda, ndi anzake. Anamanga zingwe m'mabwalo ang'onoang'ono n'kumapala dothi ndi timipeni ta amisiri omanga nyumba, pang'onopang'ono ngati akuopa kulidzutsa.

Amalume anasamutsira mpando wawo m'mphepete mwa dzenjelo. Kwa iwo nkhani inali yodziwikiratu: limeneli linali dzala la agogo awo. Aliyense wodutsa ankamuitana kuti adzaone umboni wa zimene a Chande akhala akutsutsa zaka zonsezi.

Tsiku lina, cha pansi penipeni, munatuluka fupa la mwendo, lalifupi, lonenepa, lopserera mbali imodzi. Pafupi ndi mfundo panali kamzere kamodzi. A Nabanda anawalola kuligwira. Amalume analitembenuza, maso ali gwa, kenako anaimirira n'kulikweza m'mwamba kuti anthu onse aone.

"Chande! Bwera kuno, munthu wosakhulupirira iwe! Waona mpeniwu? Kamodzi! Limeneli ndi dzanja la agogo anga, ndikulumbira. Nkhosa iyi anachinja ndi agogo, anadya ndi agogo."

"Bambo, tisafulumire," anatero a Nabanda. "Fupali sindikuliona ngati la nkhosa."

"Mayi, inu mwawerenga mabuku, ine ndasenda nyama kuyambira musanabadwe. Ndi nkhosa yonona, ya kutsidya."

Madzulo a tsiku lomwelo, pamalo omwewo, burashi ya a Nabanda inavundukula nsagwada. Inali ndi dzino lalitali lokhota, lotuluka panja. Panalibe wofunika kupita kusukulu kuti adziwe. Mlenje wina amene anali pagulupo anangoti, "Nguluwe iyo."

Kenako a Chande anayamba kuseka. Anaseka mpaka mzuli unagwa kumutu, mpaka anakhala pansi m'dothi, misozi ili chuchuchu.

"Sefu! Walumbira wekha! Anachinja ndi agogo, anadya ndi agogo! Kodi bisimila wake ankanena bwanji pa nkhumba ya m'tchire?"

Mmene munthu wodziwa mafupa ngati amalume analakwira chotere, chifukwa chake n'chapafupi. Mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe ankazidziwa atatsinzina. Koma nkhumba, yoweta kaya ya m'tchire, anali asanaikhudzepo chibadwire. Akanalidziwa bwanji fupa lake?

Kwa anthu akunja zimenezi n'zoseketsa basi. Kwa ife sizinathere pa kuseka. A shehe ananena mumzikiti momveka bwino kuti palibe munthu amasenza tchimo la agogo ake, ndipo nkhaniyi ithe. Koma lilime la m'mudzi silipita kumzikiti. Kumsika anayamba kunong'ona kuti banja la a Kamodzi linkadya za haramu mobisa. Ena anawonjezera kuti mipeni imene amachinjira ndi yomweyo ya agogo aja. Mbuzi zinayamba kudutsa pakhomo pawo osaima, kupita kwa wochinja wina wa kumsewu, wogwira chikwanje. Munthu wina atandifunsa pa sitolo ngati kwathu timaikonda yootcha kapena yophika, ndinamuyankha ndi dzanja. Anatilekanitsa ndi anthu.

Ndinapita kwa a Nabanda nditafufuma.

"Inu ndi amene mwatibweretsera zimenezi. Imani pa gulu munene kuti mafupawa ndi akalekale, si a agogo athu!"

"Achimwene, ndikuganiza kuti ndi akale. Mapalewa akuonetsa choncho. Koma pano pakumbidwapo kangapo, chiswe chasakaniza, inunso khasu lanu linadutsapo. Chinthu cha pamwamba chimatha kutsikira pansi. Sindinganene chimene sindinayeze."

"Ndiye yezani!"

"Makina ake kuno kulibe. Titumiza kunja, ndipo zimatenga miyezi."

Ndinabwerera kwa amalume ndi nzeru ina. Ndinati nsagwadayo ndikhoza kuipeza pamene amaisunga, ndipo nyanja ndi yakuya. Anandiyang'ana ngati ndine mbuzi yodwala.

"Rajabu, iwe sukulu unapitira chiyani? Mboni isanalankhule ukaimize m'madzi? Ndiye kuti wavomera mlandu. Fupa lija lilankhule. Ngati agogo anadya, anadya. Ndikawafunsa ndekha ndikafika."

M'malo mwake anaitanitsa a Nabanda, anawapatsa mpando ndi tiyi, n'kuwauza kuti afotokoze bwinobwino mmene fupa limanenera zaka zake, chifukwa iwo sangaike dzina lawo m'manja mwa woweruza amene sakumudziwa. Ine anandikhazika pakati kuti ndizithandiza pamene mawu avuta, poti ndinafika Fomu 4.

A Nabanda anati chamoyo chilichonse chimalowetsa m'thupi mtundu wina wa kaboni wochokera mumpweya. Udzu umautenga, nyama imadya udzu, munthu amadya nyama. Kaboni ameneyu amatha yekha pang'onopang'ono, koma chinthu chikakhala chamoyo chimangobwezeretsa. Chikafa, kubwezeretsa kumaleka, kutha kokha n'kumapitirira, pa liwiro lodziwika. Pakapita zaka zikwi zisanu ndi kuposerapo amatsala theka, pakapitanso zina zotero theka la theka lija. Ndiye akayeza amene watsala, amadziwa kuti nyamayo inafa liti. Osati chaka chenicheni, koma pakati pa apa ndi apa.

Amalume anagwedeza mutu. Anati zimenezo ndi thumba la mpunga lobowoka: mwini wake ali moyo amathiramo wina, akamwalira limangodontha, ndipo wobwera pambuyo akalinyamula amadziwa kuti maliro anachitika kale bwanji. A Nabanda anati ndi pafupifupi choncho, kungoti thumba ili likamapepuka limadonthanso mochepa.

"Nanga m'fupa louma ngati mwala muyeza chiyani?"

A Nabanda anavutika kufotokoza. Anati m'kati mwa fupa mumatsala kanthu konga ulimbo, ndipo ndi kameneko amakachotsa n'kukayeza, koma dothi lotentha ngati lathuli limakawononga. Ine ndinayesa kuthandiza, ndinangosokoneza. Amalume ndi amene anaomba m'manja.

"Kaja kamagwiritsa msuzi wa mang'ina ukagona?"

"Komweko, bambo!"

"Ha! Ndiye azungu a kunjawo akungophika mang'ina basi."

Anafunsanso chifukwa chake sakutumiza minga ya kampango, poti inali mbwee m'dzenjemo. A Nabanda anati nsomba ya m'nyanja imatenga kaboni wokhalitsa wa m'madzi, ndiye imaoneka yakale kuposa mmene ilili. Amalume anakondwa nazo kwambiri. Anati tsopano adziwa mtundu wa a Chande, amene amadziwonjezera zaka kuti azikhala mzere wakutsogolo mumzikiti.

A Nabanda anadula kachidutswa ka fupa la mwendo lija n'kutumiza. Tinadikira. Mvula inabwera, mpunga unabzalidwa. Kenako yankho linafika loti m'fupalo ulimbo uja unatha, palibe choyeza. Ine ndinaponya ndowa pakhoma. Amalume anangoti mboni yoyamba yakomoka, itanani yachiwiri. A Nabanda anadula nsagwada, n'kutumizanso.

Idi ya nsembe inatipeza tikudikirabe. Zaka zonse tsiku limeneli pansi pa mango pankakhala mzere wa mbuzi mpaka kumsewu. Chaka chimenecho amalume ananola mipeni m'mamawa, anavala mkanjo, anakhala pampando. Dzuwa linakwera. Kumsewu kunkamveka chikwanje, kho, kho, kho. Ndinawaona akupukuta mpeni woyera kale.

Ndiye tinamva mbuzi ikulira m'kanjira. Anali a Chande, akukoka tonde wamkulu, thukuta lili kamukamu.

"Sefu! Dzuka, mdzukulu wa adya-nguluwe! Ndichinjire tonde uyu. Koma utsuke mpeniwo ndione."

"Pita kwa wachikwanje. Mano ulibe, nyama yophwanyaphwanya ndiye yako."

"Ndipite kuti? Ndadya za mpeni wako moyo wanga wonse. Ngati ndi moto, ndinalowa kale."

Anatukwanana mpaka tonde anatha kusendedwa. Anthu ena ataona a Chande atanyamula nyama, anachita manyazi, n'kubweretsa zawo madzulo. Sizinali zambiri. Usiku wake amalume anadya bwino koyamba patapita miyezi yambiri.

A Nabanda anabwera okha ndi yankho, nthawi yokolola mpunga itadutsa. Sanafune kunena pafoni. Amalume anakana kumva ali okha. Anatumiza uthenga kwa a shehe, kwa a Chande, kwa amayi a kumsika amene ankanong'ona aja, ngakhale kwa wachikwanje. Ine ndinali nditasankha kale amene ndiyambe naye zikavuta.

A Nabanda anaima pansi pa mango n'kunena kuti nsagwada yalankhula. Nguluwe ija inafa zaka zoposa chikwi zapitazo.

"Chikwi cha chiyani?" anafunsa amalume.

"Cha zaka, bambo. Zombo za amalonda zisanayambe kufika kuno, mzikiti woyamba usanamangidwe m'mbali mwa nyanja ino, agogo a agogo anu asanabadwe."

Munthu wokalamba uja anadumpha. Sindikuthira mchere, ine si iwo. Anakwinya mkanjo m'manja n'kuvina kuzungulira mtengo, akuimba nyimbo yosadziwika mutu wake. Amayi a kumsika aja ndi amene anayamba nthungululu, opanda manyazi. A shehe anaseka mpaka kugwira ndevu.

A Chande anadikira fumbi litsike.

"Tsono Sefu, dzala la agogo ako lili kuti? Ng'ombe zija zili kuti? Si ndiye kuti agogo ako anali mlendo wa dzulodzuloli?"

Ndinaganiza kuti apa pawawa, chifukwa nkhani imene anaikonda moyo wawo wonse inali itagwa pagulu. Koma amalume anapukuta thukuta n'kunena kuti inde, agogo anali mlendo, ndipo ng'ombe zawo mwina zili pansi pa nyumba ya a Chande, tikakumbe mawa. Kenako anapempha fupa la mwendo lija, limene anali asanalikhudzenso chiyambire mlanduwu. A Nabanda analitulutsa m'kathumba. Amalume sanaligwire, anangoweramira n'kuyang'ana kamzere kaja nthawi yaitali.

"Nyama yake sindikanadya naye," anatero. "Koma munthu ameneyu ankadziwa khomo la mfundo. Kamodzi. Pamalo panga pomwe pano."

Kuyambira tsiku limenelo agogo a zombo anapuma, malo awo anatenga munthu wa nguluwe. Ankamutchula kuti mnzanga wa ntchito. Alendo akabwera ankawauza kuti ntchito yochinja pa chitunda ichi ili ndi zaka zikwi ziwiri, ndipo a Chande ankawakumbutsa kuti mwezi watha anati chikwi chimodzi. Mbuzi zinabwerera, zinachulukanso kuposa kale, chifukwa aliyense ankafuna kumva nkhaniyo kwa mwini wake.

Ndipo anayamba khalidwe limene achemwali amalitcha misala. A Nabanda atamaliza ntchito n'kukwirira dzenje lawo, amalume anakumba lawolawo chapatali pang'ono, kumene anauzidwa kuti sasokoneza zakale. Nyama iliyonse imene achinja ankapempha eni ake kuti akadya abweze mafupa a miyendo. Ankawayala bwinobwino, n'kuthira dothi, kudikira ena. Agalu a m'mudzi muno anaonda. Ankati munthu uja anasiya kamzere kamodzi osadziwa kuti wina adzakaona, ndipo kanamuchitira umboni patapita zaka chikwi. Tsono iwo amene akudziwa, asiyirenji agalu mbiri yawo? Ankalangizanso kuti minga ya nsomba isalowemo, a Nabanda a m'tsogolo angadzanamizidwe.

Amalume anamwalira mvula ikuyamba, atabwera kuchokera kumzikiti ku swala ya m'mawa, atakhala pampando wawo womwewo. Amene anawapeza ndi a Chande, atabwera ndi nkhomo za bawo m'thumba. Akuti anayamba awanyoza kaye kuti akugona ngati mwana, asanazindikire. Popita kumanda a Chande anakakamira kunyamula nawo jeneza, ndi ukalamba wawo wonsewo, ndipo palibe analimba mtima kuwaletsa.

Zimenezi ndi zimene ndinalephera kuwauza achemwali pa arubaini paja, chifukwa ine ndikapsa mtima mawu amathawa, kumatsala phokoso. Beseni ndinakalitsekera m'nyumba. Anthu anabalalika akundinena.

M'mawa mwake ndinatenga khasu ndi beseni kupita kuseri. Chingwe chopachikira mbuzi chikadali pa nthambi yake, chauma gwa. Mwala wonolera uli pomwepo, wolowa pakati ngati mbale, ndipo mvula inasiyamo madzi amene mpheta zimamwa. Pamene pankakhala mpando pali timaenje tinayi m'dothi. Udzu wayamba kale kumera pamene mbuzi zinkagonekedwa kuyang'ana ku Maka.

Nditakhuthula beseni ndinaona vuto. Mbuzi za sadaka anachinja ndi wachikwanje uja. Mafupa onse anali ophwanyika, ongokhapidwakhapidwa, opanda ndi limodzi lomwe lathunthu. Ndinaima nawo, mtima ukuyamba kutentha. Ndiwaike pamwamba pa a amalume, anthu a m'tsogolo adzati a Kamodzi anakalamba n'kuyamba kuthyola mazenera?

"Ukuyang'ana chiyani? Kumba, dzuwa likukwera."

Anali achemwali, atanyamula kambale. Munali mafupa ena amene anatola kumene kunadyera amayi. A Chande anali atawafotokozera zonse dzulo lake, ndipo ndikukhulupirira kuti anathiramo mchere wawo.

Ndinakumba mpaka ndinafika pa mafupa omaliza a amalume, oyera, athunthu, lililonse ndi kamzere kake. Ndinawaphimba ndi mchenga wa kunyanja wokhuthala ngati chikhatho, kuti malire aoneke. Pamwamba pa mchengawo ndi pamene tinayala ophwanyika aja, achemwali akundipatsira limodzilimodzi. Amene adzakumbe pano adzaona yekha pamene dzanja linasinthira.